Gasiketi yochipa inatidyera injini ya vani ya parishi

Mwezi wa June caka catha, vani ya parishi yathu kuno ku Kitwe inafera pa mseu wa ku Ndola, pafupi ndi mphambano ya ku Luanshya. Inali itanyamula mayi wina wa mu mphakati wathu amene anali ndi tsiku lokaonana ndi dokotala. Panalibe utsi, panalibe ngozi. Injini inangolira khwaa, n'kuzima. Mayi uja tinawakweza minibasi, vani inakokedwa ndi cingwe, ndipo inagona pa galaji miyezi itatu. Imeneyo ndiyo miyezi imene abale athu olima ku Lufwanyama amaidalira kuti iwatulutsire cimanga m'minda.

Pa msonkhano wa komiti zala zinaloza a makanika, zina zinaloza a dalaivala. Koma titatsegula buku la mamineti tinapeza kuti mlandu unali wathu. Miyezi 8 m'mbuyomo a makanika anatipatsa mitengo iwiri ya gasiketi ya pa cibvundikiro ca injini, imene iwo amati top cover gasket. Ife tinasankha yochipa. Kusiyana kwa mitengo iwiriyo sikunali kufika ngakhale pa thumba limodzi la cimanga. Pambuyo pace a dalaivala anatiuza kawiri konse kuti injini ikucita phokoso m'mawa poiliza, ndipo tinayankha kuti popeza ikatentha imaleka, tiyembekeze Pasaka ipite. Zonsezi zinalembedwa ndi dzanja la mlembi wathu, ndipo tinasaina.

Tikulemba izi cifukwa tidziwa kuti si ife tokha. M'maparishi, m'makopaletivu ndi m'mabanja a ku Chimwemwe, Chamboli, Chifubu ndi Lubuto muli mamotoka ambiri amene injini zake zili tho! ndi oilo wosakanikirana ndi fumbi, ndipo eni ake amati motoka yakale ndi mmene imakhalira. Ai, siyenera kukhala tero.

Gasiketi imeneyi ndi kamphira kozungulira m'mphepete mwa cibvundikiro ca pamwamba pa injini. Nchito yake ndi imodzi cabe: kutsekera oilo mkati. Koma imakhala pamalo otentha tsiku lonse, ikusambitsidwa ndi oilo wotentha. Mphira wabwino umapirira zaka. Mphira wacabe umauma m'miyezi yowerengeka, umalimba ngati cikopa ca ng'ombe coiwalika pa dzuwa, kenaka umasweka. Oilo amayamba kutsika pang'onopang'ono. Wina amadonthera pa paipi ya utsi, ndiye kafungo kopserera kamene timamva motoka ikaima. M'mainjini ambiri a petulo wina amalowa m'maenje a mapulagi, motoka n'kuyamba kudukiza, ndipo makoilo amaonongeka. Pansi simuona dontho lalikulu cifukwa fumbi la m'misewu yathu limamwa oiloyo asanafike pansi. Ndiye munthu amayang'ana pamene motoka inagona, naona pouma, nati zonse zili bwino.

Tsopano za cheni. Mkati mwa injini muli zitsulo ziwiri zozungulira zimene ziyenera kuyenda mogwirizana: ca pansi cimene mapisitoni amazunguza, ndi ca pamwamba cimene cimatsegula ndi kutseka mavaluvu. Ca pansi cikazungulira kawiri, ca pamwamba cizungulira kamodzi, osacedwa, osafulumira. Cimene cimazigwirizanitsa ndi cheni conga ca njinga, timing chain. Amakanika amati cheni catamuka, koma citsulo sicitamuka ngati legeni. Timisomali tolumikiza mfundo zake ndi timene timadyeka, ndipo mfundo iliyonse ikadyeka pang'ono, cheni conse cimatalika. Aliyense amene anapalasapo njinga ndi matumba a feteleza adziwa cimene cheni cokhwepa cimacita pa citunda.

Pali kacipangizo kochedwa tenshona kamene kamakankha cheni kuti cikhale cokungika, ndipo m'mainjini ambiri kamagwira nchito ndi mphamvu ya oilo. Apa ndi pamene nkhani ziwirizi zikumana. Oilo akacepa, kapena akada n'kukhala ngati phala, tenshona imacedwa kukankha, cheni cimamenya timapulasitiki tocitsogolera, ndipo timisomali tija timadyeka msanga. Phokoso la m'mawa lija, la masekondi ocepa injini ikali yozizira, ndilo cenjezo loyamba. Kenaka motoka imafoka pa citunda, imamwa mafuta ambiri, ndipo nyali ya injini imayaka pa dashibodi. Tsiku lina cheni cimalumpha mano, ndipo m'mainjini ambiri pisitoni imakumana ndi valuvu yotseguka. Ndizo zinacitika pa mseu wa ku Ndola. Kumbukirani kuti injini yaing'ono monga 1NZ, imene ili m'ma Corolla ndi ma Probox ambiri ocokera ku Japan kudzera pa Nakonde, imasunga oilo wosakwana malita 4. Lita imodzi ikatayika, gawo limodzi mwa magawo anai lapita.

Sitikunena kuti amakanika onse ndi angelo. Kuno ku Kopala tili ndi amisiri enieni, ena anaphunzira nchito mu ZCCM migodi isanagulitsidwe m'caka ca 2000, ena anacokera ku NORTEC ku Ndola. Koma alipo enanso amene cida cao cacikulu ndi cubu ca silikoni. Amapaka mbali zonse ngati akumata nyumba, pamene silikoni imafunika kadontho cabe m'makona mmene zitsulo ziwiri zikumana. Yotsalayo imafinyikira mkati, imaduka tizidutswa, ndipo tizidutswato timakatseka sefa ya pansi imene pampu imakokerapo oilo. Ena amamanga mabauti a cibvundikiro ndi mphamvu yomangira wilo, kufikira gasiketi yatsopano itaphwanyika, pamene mabauti amenewo amafuna mphamvu yocepa ndi sipanala yopimira. Ena saona n'komwe kavaluvu kopumira injini, PCV, kamene kakatsekeka mpweya umadzaza mkati n'kukankha oilo ngakhale pa gasiketi yabwino. Ndipo pa cheni, wina adzakuuzani kuti tisinthe cheni cokha. Cheni catsopano pa mano akutha ndi tenshona yotopa ndi ndalama zotaya. Zimasinthidwa zonse pamodzi. Komanso si phokoso lililonse la m'mawa limene ndi la cheni, conco makanika amene wanena za kumasula injini asanayang'ane oilo, asanaike pa makina opimira, mufunseni mafunso.

Ena adzati mukulankhula ngati anthu a ndalama. Tikumva. Cilala ca 2024, cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February caka cimeneco, cinasiya nkhokwe zopanda kanthu, ndipo mbale ya copereka inapepuka. Msungicuma amene amakana mtengo wokwera sakucita nkhanza, akuteteza ndalama za amasiye. Ndi zoonanso kuti si sipeya iliyonse yodula imene ili yabwino. M'mashopu muli mabokosi osindikizidwa maina a makampani ochuka koma mkati muli zinyalala, ndipo muli zina za maina osadziwika kwa ife zimene zimagwira bwino nchito. Koma pa zinthu ziwiri izi ife taphunzira ndi thumba lathu. Gasiketi yabwino inali yocepera thumba limodzi la cimanga. Kukonza injini kunatidyera copereka ca miyezi ingapo, ndipo denga la holo lidakali kudontha.

Cina cimene tinacita naco manyazi ndi cakuti mwa anthu 9 a mu komiti, panalibe ndi mmodzi yemwe anali kudziwa ngati vani yathu ili ndi cheni kapena lamba. Kusiyana kwake ndi kwakukulu. Mainjini a dizilo a 3L ndi 5L, amene ali m'ma Hiace ndi ma Hilux akale, ali ndi lamba wa mphira, ndipo amasinthidwa pa makilomita 100,000 ngakhale akuoneka bwino, cifukwa lamba sacenjeza, amangoduka. Cheni cilibe tsiku loikika lotere. Cimakhala nthawi yaitali ngati oilo ndi wokwanira, ndi woyenera injiniyo, ndipo akusinthidwa pa nthawi yake pamodzi ndi fyuluta. Safunsa anadya phula: funsani lero kuti motoka ya gulu lanu ili ndi citi.

Musadalire pepala la fitinesi pa nkhani iyi. A RTSA amaona mabuleki, nyali, matayala ndi zina zokhudza citetezo pa mseu, satsegula injini. Vani yathu inali ndi fitinesi yatsopano tsiku limene inafa. Kumene boma lingatithandize ndi pa masipeya acinyengo. Tili ndi bungwe la ZCSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2017 kuti liziona za katundu woyenera kukwanitsa miyezo, ndi la CCPC, limene pansi pa lamulo la 2010 limamva madandaulo a ogula. Tipempha kuti aziyenda m'mashopu a masipeya a ku Kitwe ndi Ndola monga mmene amayendera m'mashopu a zakudya. Koma nawonso adzayambira pati ngati ife tigula popanda lisiti? Gasiketi yathu ija tinagula popanda kapepala kalikonse, ndipo wogulitsa anatikana m'maso muli gwa.

Mu parishi yathu tsopano tinaika kabuku mu vani. Lolemba lililonse a dalaivala amasolola kacitsulo kopimira oilo injini isanalire, vani itaima pamalo osapendekeka, nalemba cimene aona, ndipo wa komiti mmodzi amasaina. Akathiramo oilo woonjezera, amalembanso kuculuka kwake. Sipeya iliyonse yocotsedwa imabwera ku ofesi pamodzi ndi bokosi la yatsopano ndi lisiti. Makanika akabweretsa mitengo iwiri, timamuitana kuti afotokoze yekha pamaso pa komiti kusiyana kwake. Ndipo vani idzalowa ku galaji mwezi wa April, cimanga cikali m'munda.