Anyamata athu a nkhondo ya Burma: maina awo ali kuti?

Kumudzi kwathu kwa Chimaliro ku Thyolo kudali agogo ena amene ankalondera pa esiteti ina ya tiyi. Anafe tinkawaseka chifukwa mtsinje ukangodzadza pang'ono iwo sankawoloka, chonsecho akuluakulu ankati bambo amenewa adamenya nkhondo ku Burma. Tsiku lina adatiuza kuti Mjapani wa m'tchire sankawaopsa kwenikweni, pakuti ameneyo umamva mfuti yake n'kudziwa kobisala. Chimene chinkawasowetsa tulo ati udali ulendo wa panyanja kuchokera ku Mombasa, podziwa kuti pansi pa madziwo pali sitima ina yosaoneka imene ikukuzembererani. Ife tinkati agogowa ayamba kunama basi. Sitima n'kuyenda pansi pa madzi ngati mlamba?

Awerengi, agogo aja sankanama ayi.

Pa 5 February 1944 sitima zisanu zonyamula asilikali zidanyamuka padoko la Mombasa kulowera ku Colombo, ku Ceylon, komwe lero tikuti Sri Lanka. Imodzi mwa izo idali Khedive Ismail. M'kati mwake mudali anthu 1,511, ambiri mwa iwo asilikali akuda a gulu la mizinga la 301st Field Regiment la kum'mawa kwa Africa, kuphatikizapo anamwino ndi amalinyero. Pa 12 February masana, ali pafupi ndi zilumba za Maldives, sitima yapansi pa madzi ya ku Japan yotchedwa I-27, yomwe mkulu wake adali Toshiaki Fukumura, idaponya mabomba oyenda m'madzi. Awiri adalasa. Khedive Ismail idamira pasanathe mphindi zitatu, nthawi yosakwana ndi kumanga katundu wa pabenchi mvula ikayamba. Anthu 1,297 adatsala m'madzimo, amayi 77 ali pomwepo. Opulumuka adali 214 okha.

Koma chimene chimandidula mawondo n'chimene chidachitika pambuyo pake. Sitima ziwiri zankhondo za Angelezi zomwe zinkaperekeza ulendowo, Petard ndi Paladin, zidatembenuka kukasaka mdaniyo. I-27 idakabisala pansi penipeni pomwe opulumuka ankayandama, atagwira matabwa, akukuwa kuti awatole. Tsono mkulu wa Petard atani? Akaisiya, imiza sitima ina yodzadza ndi anthu. Akaponya mabomba ake ophulikira pansi pa madzi, aphulitsira limodzi anthu ake omwe. Lamulo la nthawi imeneyo linkati yamba wathana ndi mdani. Adaponya. Ena amene adapulumuka bomba la Mjapani adafa ndi bomba la Mngelezi amene adabwera kudzawateteza. Ine sindingamuweruze mkulu ameneyu ndili phee pampando kuno, komanso musandiuze kuti ndiombe m'manja.

I-27 idakakamizika kutulukira pamwamba. Paladin idaiyandikira kuti iigunde, n'kung'ambika nayo m'mbali. Petard idachita kuponya mabomba oyenda m'madzi asanu ndi awiri, lomalizalo ndiye lidaimiza. Amalinyero ake, pafupifupi 100, adapita nayo pansi. Wina anena kuti adalandira zowayenera. Mwina. Koma nawonso adali ana a eni, otsekeredwa m'chimgolo chachitsulo chopanda zenera, otumidwa ndi akuluakulu amene sadanyowe ndi chala chomwe. Wopha ndi wophedwa adagona manda amodzi masana omwewo.

Nanga ife zikutikhudza pati? Njira imeneyi ya Mombasa mpaka Colombo ndi yomwe adadutsa anyamata a ku Nyasaland a m'magulu a King's African Rifles popita ku Ceylon, kenako ku Burma, komwe mu 1944 adakamenyana ndi Ajapani m'chigwa cha malungo cha Kabaw. Dziko lino lidapereka amuna oposa 25,000 pankhondo imeneyo. Ena adachoka m'midzi yozungulira minda ya tiyi ya ku Cholo, monga ankalembera atsamunda, komwe munthu ankasankha pakati pa thangata, msonkho ndi yunifolomu ya mfumu ya ku England. Sikuti onse adabwerako.

Ife Amalawi maliro sitiwatenga mwamasewera. Inu amalonda mukudziwa bwino: mnzathu akafera ku Johannesburg timasonkherana, wina kugulitsa mbuzi, wina kutapa mpamba wa geni, kuti thupi libwere lidzagone pafupi ndi makolo. Pakapita chaka timamanga chiliza. Tsono taganizani mayi wa kwa Chimaliro wa zaka zimenezo, mwana wake wapita kunkhondo ndipo chabwera n'chikalata chokha, mwinanso uthenga wapakamwa wochokera kwa bwanamkubwa wa boma kudzera kwa amfumu. Palibe bokosi, palibe manda okasesa. Munthu wotero chimene chimatsala n'dzina lake basi. Dzinalo likatayika ndiye kuti wamira kawiri.

Maina ena alipo, koma ali kutali. Ambiri mwa omira pa Khedive Ismail adalembedwa pachipilala cha East Africa Memorial ku Nairobi. Omwe adafera ku Burma opanda manda odziwika ali pachipilala cha ku Taukkyan pafupi ndi Yangon, pamodzi ndi anzawo pafupifupi 27,000. Ndani wa ku Goliati kapena ku Luchenza adakafikako kukawerenga? Za nkhondo yoyamba ija ya 1914, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, ndiye zomvetsa chisoni zedi. Mu 2021 bungwe losamala manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lidavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000, ambiri mwa iwo a mu Africa muno, sadakumbukiridwe ndi maina awo, ena osakumbukiridwa n'komwe. Amtengatenga athu amene adafera m'njira atasenza katundu wankhondo ndi anthu a mtundu umenewu.

Sikuti kukumbukira sitikudziwa. Ku Zomba kuli chipilala cha asilikali a KAR. Ku Lilongwe, ku Area 18, kuli nsanja yachikumbutso yomwe idamangidwa m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, chiboliboli cha Kamuzu chili poteropo. Ku Mangochi kuli chikwangwani chokumbukira anthu 145 amene adamira ndi sitima ya Vipya mu July 1946. Mwezi wa November uliwonse akuluakulu amavala duwa lofiira pachifuwa, kuika nkhata za maluwa, lipenga n'kulira, kenako aliyense m'galimoto lake. Konkuno ku Thyolo, ku Ndata, kuli manda okongola a Mpumulo wa Bata. Sindikuti n'kulakwa. Ndikungoti tikafuna kukumbukira munthu wamkulu simenti imapezeka, koma kwa msilikali wamba wochokera kuseri kwa tiyi ngakhale kope la masamba 40 lolembamo maina limasowa.

Ine yunivesite ndidaisiyira panjira, choncho musandiyese katswiri wa mbiri yakale. Koma izi sizilira digiri. Kaundula wa bungwe lija ali pa intaneti, waulere, ndipo mutha kufufuza ndi dzina kapena gulu la msilikali. Inu ophunzira amene mumatha bandulo yonse pa Facebook, bwanji patchuthi chikubwerachi mutakhala pansi ndi agogo aakazi, kuwafunsa kuti pabanja pano ndani adapita kunkhondo ya Hitler, adabwerako kapena ayi? Mafumu a kwa Chimaliro, ndi kwina konse, maina amenewa angathe kuwasonkhanitsa mudzi ndi mudzi monga ankachitira ikafika nthawi ya makuponi a feteleza. Unduna woona za chikhalidwe ndi a Malawi Defence Force akhoza kuwalandira n'kuwasunga, ndipo mndandanda wa dera lililonse ukhomedwe pasukulu kapena pabwalo la mfumu pomwe adzukulu angawerenge. Omenya nkhondowo pafupifupi onse adapita. Amene adawamva akusimba nawonso akutha mmodzimmodzi.

Agogo a ku esiteti aja adamwalira ine ndili ku sekondale. Mwezi watha ndidapita kwa adzukulu awo kukafunsa nambala yawo ya usilikali ndi gulu lomwe adali. Palibe adadziwa. Adanditulutsira kachitini ka mamendulo awiri, imodzi yooneka ngati nyenyezi, nsalu zake zitadyedwa ndi njenjete. Ndidaitembenuza kuti mwina kuseri kuli dzina. Kudali see, sadalembepo kanthu.