M'mbali mwa Msewu wa Mwanza Si Munda wa Munthu

Pali bodza limene lazika mizu pakati pathu, ndipo nthawi yakwana yoti tilizule poyera. Bodzalo ndi lakuti munthu akagula galimoto wagulanso malo oiimikapo paliponse pamene mtima wake wafuna, usana ndi usiku, popanda kupereka ngakhale tambala imodzi. Eni ake a bodzali alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe, kumene makhonsolo amalipiritsa galimoto zoima m'misewu ya pakati pa mzinda, ndipo amadandaula tsiku ndi tsiku ngati alandidwa munda wa makolo awo. Koma kumene bodzali likupweteka anthu koposa ndi kuno ku Mwanza, pa chipata chimene katundu wambiri wa dziko lino amalowera. Tsono ife tikuti: Khonsolo ya Mwanza ikonze malo oimikapo galimoto, iike mitengo yomveka, ipereke ziphaso kwa anthu okhala pa boma pano, ndipo isachite manyazi ndi phokoso la anthu odzikonda.

Aliyense amene anayendapo pa msewu wa M6, wochokera pa Zalewa kukafika ku malire a Zobue, akudziwa zimene tikunena. Msewu umenewu ndiwo umatilumikiza ndi Tete, ndi doko la Beira, ndi Nyamapanda polowera ku Zimbabwe, mpaka ku Johannesburg ndi Durban. Feteleza, mafuta, simenti, mchere ndi katundu wa m'masitolo zimadzera pano. Fodya, tiyi ndi shuga zimatulukira pano. M'zaka za nkhondo ya ku Mozambique, isanathe mu 1992, malole ankadutsa chigawo cha Tete pa mdipiti, asilikali akuwaperekeza. Lero mtendere ulipo, malole achuluka, ndipo tikuthokoza. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Matope athu ndi mzere wa malole oima m'mbali mwa msewu, otseka makomo a masitolo, ophwanya ngalande, obisa mwana wa sukulu amene afuna kuwoloka, ndi kukankhira pakati pa phula mayi amene wasenza dengu la manachesi.

Anthu otsutsa amati, "Tinalipira kale." Tiyeni tiwafunse bwinobwino: munalipira chiyani, ndipo munalipira kwa yani? Msonkho wa pa katundu mumapereka ku Malawi Revenue Authority, ndipo umapita ku thumba la dziko lonse. Msonkho umene uli pa lita iliyonse ya mafuta, ndi ndalama za pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke, zimene zinatsegulidwa mu 2021 ndi 2022 pa msewu wa M1, zimapita ku Roads Fund Administration kuti misewu ikonzedwe. Ndalama zonsezi n'zolipirira kuyenda. Palibe ngakhale imodzi yolipirira kuti lole ya matani 30 igone masiku atatu pakhomo pa sitolo ya munthu. Amene walipira basi yopita ku Blantyre sanena kuti walipiranso chipinda chogona ku Limbe. Nanga zinyalala zimene zimatsala malole akachoka, amasesa ndani? Chimbudzi chimene dalaivala ndi wothandiza wake ayenera kugwiritsa ntchito, amanga ndani? Ntchito zimenezi zili pa mapewa a khonsolo ya boma laling'ono, la anthu oposa 130,000 okha malinga ndi kalembera wa 2018, boma limene linachepanso pamene Neno inaima payokha mu 2003.

Amene akuganiza kuti nkhaniyi ndi ya ndalama yokha aiwala msanga. Mu November 2016, pa mudzi wa Caphiridzange m'boma la Moatize, kutsidya kwa malire athu omwewa, galimoto yonyamula mafuta obwera kuno ku Malawi inaima pamalo osayenera, anthu anaizinga kuti atunge mafutawo, ndipo inaphulika. Anthu oposa 70 anafa, ena mwa iwo ana. Galimoto zamtundu womwewo zimadutsa pa Mwanza tsiku lililonse. Kodi tidikire kuti imodzi iphulike pafupi ndi mbaula ya wokazinga tchipisi kuti tidziwe kuti galimoto ya mafuta iyenera kukhala ndi malo akeake, otalikira nyumba ndi msika, okhala ndi mpanda ndi mlonda? Ndipo kolera wa mu 2022 ndi 2023, amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, anatiphunzitsa kuti pamene pasonkhana anthu ambiri opanda zimbudzi ndi madzi abwino, pamenepo ndi pamene imfa imamanga msasa.

Ena amati kulipiritsa malo oimikapo galimoto n'kutengera za Azungu. Zoonadi, makina oyamba olipirirapo anaikidwa mu mzinda wa Oklahoma City ku America mu 1935, ndipo ku London anafika mu 1958. Koma chimene chinawakakamiza sichinali chizungu ayi. Chinali chakuti anthu ogwira ntchito m'maofesi ankaimika galimoto zawo kuyambira m'mawa mpaka madzulo pamakomo a masitolo, ogula n'kusowa poima, malonda n'kumafa. Katswiri wina wa ku America, Donald Shoup, analemba buku lonse mu 2005 pofuna kusonyeza kuti malo oimikapo galimoto aulere kulibe. Pali wina amene amalipira, ndipo kawirikawiri ndi munthu amene alibe galimotoyo. Kwathu kuno sitifunikira buku kuti timvetse zimenezi. Mayi wogulitsa tomato mu msika wa Mwanza amadula tikiti tsiku lililonse chifukwa cha kamalo kosakwana mphasa imodzi. Nanga mwini lole imene yatenga malo okwana amayi makumi awiri akhale bwanji mfulu? Chilungamo chotere tinachiphunzira kuti?

Tsono pali anthu okhala pa boma pano, amene pano ndi pawo: mphunzitsi, namwino wa pa chipatala, mwini golosale, mlimi amene anagula kagalimoto kotengera manachesi ku Blantyre. Anthu awa sayenera kulipira ngati alendo nthawi iliyonse akaima kugula buledi. Kwa iwo pakhale chiphaso cha pamwezi kapena cha pachaka, cha mtengo wotsika, cholembedwa nambala ya galimoto ndi dera limene mwini wake amakhala, chomatidwa pa galasi. Mizinda yambiri ya ku Britain imachita chimodzimodzi. Koma khonsolo ichenjere pa mfundo imodzi. Nambala ya MN si umboni wakuti munthu amakhala ku Mwanza, pakuti galimoto zimagulitsidwa ndi nambala zake, ndipo pali a ku Mwanza enieni oyenda pa nambala za Blantyre. Umboni uchokere kwa mfumu, kwa khansala wa dera, kapena pa chiphaso cha bizinesi. Ndipo chiphaso chotsika mtengocho chikhale cha galimoto imodzi pa banja. Wachuma amene ali ndi galimoto zinayi alipire zinazo pa mtengo wonse. Ngati anatha kuzigula, sangalephere kuzisungira malo.

Pano tiyenera kulankhula ndi inu a m'maofesi a Boma, ndipo tilankhula mosapsatira. Tikudziwa kuti tsiku limene mitengo idzalengezedwe, oyamba kupempha kuti asalipire sadzakhala alimi, adzakhala mabwana. Ambulansi, galimoto ya apolisi ndi galimoto ya MG imene ili pa ntchito ya Boma zisalipire. Pamenepo palibe mtsutso. Koma galimoto yanuyanu, imene mwaiimika Loweruka madzulo pafupi ndi malo omwera, si ya Boma ayi, ngakhale mwini wake ali ndi udindo waukulu chotani. Mukayamba inu kuzemba, wa minibasi adzazemba, wa kabaza adzazemba, ndipo wotolera ndalama wa khonsolo, amene malipiro ake ndi ochepa, adzaona kuti lamuloli ndi la anthu opanda dzina okha.

Mdani wina, woopsa koposa, ali m'nyumba mwathu momwe. Ndi mnyamata amene amavala nsalu ya chipani, n'kuima pa depoti kapena m'mbali mwa msewu, n'kumalandira ndalama kwa madalaivala popanda lisiti, nati, "Boma ndi lathu." Munthu wotere si wa chipani, ndi mbala yovala makaka a chipani, ndipo dalaivala aliyense amene iye wamulanda ndalama amapita kukauza anzake ku Tete, ku Harare ndi ku Beira kuti ku Malawi kulibe lamulo. Anzathu a ku Zambia anaona kumene khalidweli limafikitsa. Kwa zaka zambiri anyamata a zipani ankatolera ndalama m'misika ndi m'madepoti a mu Lusaka, khonsolo ili manja lende, kufikira mu 2021 pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti malowo abwerere m'manja mwa makhonsolo. Anthu sanaiwale pa tsiku la chisankho amene ankawalanda ndalama pa depoti. Atsogoleri a nthambi ndi a madera, ngati mumakonda chipani, gwirani mnyamata wotere pa dzanja ndi kukamupereka nokha ku polisi.

Khonsolo nayo ili ndi ngongole yake, ndipo sitiibisira. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zopanga malamulo a m'madera mwawo ndi kutolera ndalama pa ntchito zimene akuchita, koma malamulowo ayenera kukambidwa ndi makhansala ndi kuvomerezedwa ndi Nduna, osati kungotuluka m'kamwa mwa kalaliki. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo chizolowezi chosafunsa anthu chimene chinakula m'zaka zimenezo sichinatheretu. Komanso msewu wa M6 ndi malo a m'mbali mwake, mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati, zili m'manja mwa Roads Authority. Khonsolo iyenera kugwirizana nawo, pamodzi ndi apolisi a pamsewu, isanalembe mzere uliwonse pa phula. Ndipo singathamangitse lole m'mbali mwa msewu isanaisonyeze kumene ipite. Malo ayambe, okhala ndi miyala pansi, magetsi, madzi ndi zimbudzi; mtengo utsatire.

Madalaivala ali ndi dandaulo limodzi loona, ndipo tiyenera kulimva. Nthawi zambiri sagona pa Mwanza mwa kufuna kwawo; amadikira mapepala a katundu. Chotero mtengo wa lole ukhale wa pa tsiku, wodziwika, wolembedwa pa chikwangwani m'Chichewa, m'Chingerezi ndi m'Chipwitikizi, ndipo lisiti lilembedwe dzina la kampani kuti dalaivala akabwezeredwe ndi abwana ake m'malo modula ndalama yake ya chakudya. Mtengowo uziunikidwa chaka ndi chaka pa msonkhano wa khonsolo, pakuti kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo umene suyenda ndi nthawi sugula ngakhale tsache. Kukweza kulikonse kulengezedwe mwezi wathunthu kusanayambe.

Ndalama zisadzere m'thumba la munthu. Airtel Money ndi TNM Mpamba zilipo pa mafoni a madalaivala ambiri. Alipire pa nambala ya khonsolo, uthenga wa pa foni ukhale lisiti lake lachiwiri. Ndipo pa kutha kwa mwezi uliwonse, pa bolodi la pa ofesi ya Bwanamkubwa ndi pa chipata cha msika pamatidwe pepala lonena malole amene anaima, ziphaso zimene zinagulitsidwa, ndalama zimene zinalowa, ndi ngalande kapena chimbudzi chimene ndalamazo zamanga, kuti mafumu a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati aziwerenga okha ndi kufunsa mafunso pa msonkhano wotsatira wa khonsolo.