Kulemba anamwino n'kwapafupi, kuwasunga ndiye nchito

Mu caka ca 2022 boma linalemba nchito anthu a zaumoyo oposa 11,000 m'dziko lonse la Zambia. Anthu anakondwera kwambiri, pakuti mizere ya odwala inali itatalika. Koma kutunga madzi ndi mtsuko wobooka n'kudzitopetsa cabe. Funso lalikulu ku Chongwe ndi lakuti: mwa anamwino amene amatumizidwa kumeneko, ndi angati amene amakhazikika?

Chongwe ali pamtunda wa makilomita pafupi-fupi 45 kucokera ku Lusaka, pamseu wa Great East. Kuyandikana kumeneku kuli ndi msampha wace. Namwino akapeza kuti pakiliniki palibe nyumba yabwino, madzi ndi obvuta ndipo sukulu ya ana ili kutali, amasiya banja lace mu Lusaka namakwera minibasi m'mawa ndi madzulo. Posakhalitsa amapempha kuti asamutsidwe.

Amene amalira ndi odwala. Namwino wokhalitsa amadziwa mwana amene sanabwere kusikelo, nkhalamba imene yaleka mankhwala a BP, ndi wodwala TB amene wasowa. Watsopano amayamba ndi kufunsa maina. Ndipo mai woyembekezera akayamba kumva zowawa pakati pa usiku, mzamba wogona mu Lusaka sangamuthandize.

Boma linayesapo njira ya ndalama. Mu 2003, mothandizidwa ndi dziko la Netherlands, linayamba Zambia Health Workers Retention Scheme, yopatsa madotolo a kumidzi ndalama zapadera ndi thandizo la nyumba. Pambuyo pace anamwino ndi ena analowamo. Ndalama n'zofunika ndithu, koma pazokha sizimanga munthu pamalo.

Kafuku-fuku wa Dr Wilbroad Mutale ndi anzace, wocitika ku Chongwe, Kafue ndi Luangwa ndi kufalitsidwa mu 2013, anapeza kuti anchito amene anapitako ku maphunziro m'miyezi 12 yapitayo anali ndi mtima wokonda nchito kuposa anzao. Okhalitsa pamalo amodzi naonso anali otero. Motero akulu-akulu a zaumoyo paboma ayenera kugawa mwai wa maphunziro mwacilungamo, kuti ufike ndi kwa namwino wa kiliniki ya kutali, osati kwa okhawo amene ali pafupi ndi maofesi.

Mabanja a m'makomboni naonso ali ndi mbali yao. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwensi iliyonse. Pamisonkhano ya citukuko ya m'mawadi, anthu amakonda kupempha cipinda catsopano ca kiliniki, naiwala nyumba ya namwino ndi mjigo wa madzi. Kiliniki yopanda wogonapo ndi makoma cabe. Makomiti a zaumoyo a m'madera aziika nyumba ya anchito patsogolo pa zopempha zao.

Cinanso ndi ulemu. Namwino amene waona odwala tsiku lonse ali yekha, kenaka n'kutukwanidwa cifukwa ca mankhwala amene iye sagula, amayamba kumanga katundu mumtima. Wamwano weni-weni akanenedwe kwa wamkulu wa cipatala, koma wogwira bwino nchito ayamikidwe pamaso pa anthu.

Mutu umodzi susenza denga. Unduna wa Zaumoyo ulembe ndi kulipira pa nthawi yace, khonsolo imange nyumba, ndipo anthu a ku Chongwe asunge namwino wao monga mnansi.