Baseball yakula kum'mawa kwa Asia, koma akatswiri akupita ku America

Masewero a baseball, omwe anayambira m'dziko la United States, azika mizu m'maiko a Japan, South Korea ndi Taiwan, komwe matimu ambiri ali m'manja mwa makampani akuluakulu.

Ku Japan ligi ya osewera olipidwa inayamba m'chaka cha 1936, ku South Korea mu 1982, ndipo ku Taiwan mu 1990. Zipatso zake zaoneka poyera: Japan inatenga chikho cha World Baseball Classic mu 2006, 2009 ndi 2023, South Korea inapata mendulo ya golide pa mpikisano wa Olympics ku Beijing mu 2008, pomwe Taiwan inagonjetsa Japan 4-0 m'ndime yomaliza ya Premier12 mu 2024.

Komabe kutchukaku kwadza ndi chiopsezo. Kuchokera mu 1995, pomwe Hideo Nomo analowa timu ya Los Angeles Dodgers, akatswiri ambiri akhala akusamukira ku America komwe malipiro ndi ochuluka. Mu 2023 Shohei Ohtani anasaina mgwirizano wa zaka khumi wa madola 700 miliyoni ndi timu yomweyi.

Pofuna kuteteza matimu ake, Japan inagwirizana ndi ligi ya ku America mu 1998 kuti timu yomwe yalola wosewera wake kuchoka izilandira chipukutamisozi.

Ngakhale zili chomwechi, mphamvu ya maligiwa ikadali mwa ochemerera akwawo. Mu 2024 ligi ya South Korea inalandira oonerera oposa 10 miliyoni kwa nthawi yoyamba, zomwe zikusonyeza kuti ligi yoyendetsedwa bwino siifa chifukwa akatswiri ena achoka.