Zimene Ndinaona pa Chilumba cha Likoma

Amayi anzanga, ife a kumapiri nyanja timangoionera patali. Kukacha bwino, munthu ataima pa phiri la Ntchisi amaiona kum'mawa ili mbee ngati nsalu yoyanika. Inenso ndinakula ndikuiona chotero, kufikira pamene alamu anga anandiitanira ku ukwati wa mwana wao ku Likoma.

Ndinatsikira ku Nkhotakota, kumene ndinakakwera sitima ya Ilala. Sitimayi inapangidwa ku Scotland m'chaka cha 1949, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Inaima pakati pa madzi, ife anatitengera kumeneko pa bwato laling'ono. Mphepo ya mwera itayamba kuomba, mutu unazungulira, ndipo kamba wanga yense ndinagawira anzanga.

Likoma ndi chilumba cha Malawi, koma chili pafupi kwambiri ndi gombe la Mozambique. Choyamba kuona ndi miyala ndi milambe ikuluikulu. Pamalo otchedwa Chipyela pali tchalitchi cha Anglican cha Petro Woyera, chimene anayamba kumanga mu 1903. Kukula kwake ndinagwira pakamwa. Anthu ake ndi aulemu, okonda sukulu, ndipo Chinyanja chao tinkamvana bwino. Pa ukwati amayi anavina chioda, tinadya kondowole ndi nsomba ya tsiku lomwelo.

Koma chimene ndabwera nacho mumtima ndinachiona kukhitchini. Pofuna kuthandiza kuphika, ndinasonkha moto monga tichitira kwathu, nkhuni zisanu nthawi imodzi. Mayi wina wachikulire anabwera mwakachetechete, nachotsapo zitatu, nazizimitsa mumchenga. Anati, "Mwana wanga, nkhuni izi zaoloka nyanja." Ndinachita manyazi.

Zoonadi, m'mawa mwake ndinaona mabwato a matanga akutsitsa mitolo ya nkhuni yochokera kutsidya ku Mozambique. Nthaka ya pachilumba ndi yamiyala ndi mchenga. Chinangwa chimalola, koma chimanga chambiri chimachita kubwera pa sitima. Mlambe nawo, ngakhale ukule chotani, thunthu lake ndi lofewa, silipatsa moto. Nchifukwa chake mayi wa ku Likoma amawerenga nkhuni monga ife tiwerengera ndalama.

Tsono tayang'anani mapiri athu a Dowa ndi Ntchisi. Ndili mtsikana tinkatola nkhuni kuseri kwa mudzi, phala lisanapse tabwera. Lero ana athu aakazi amalawira mbandakucha, nabwera dzuwa lili pamutu, ena sukulu yawapita. Mitengo yathera ku zigafa za fodya, ku makala ndi ku mauvuni a njerwa. Ife nyanja yotibweretsera nkhuni tilibe. Chakudza sichiimba ng'oma.

Choncho ndikupemphani zinthu zitatu. Mukatha kuphika, zimitsani zikuni, musazisiye zikunyeka. Pa gulu lanu phunzirani kuumba mbaula ya dothi ya Chitetezo, imene imadya nkhuni zochepa kuposa mafuwa atatu. Ndipo mvula ikayamba, mayi aliyense abzale mitengo m'malire mwa munda wake: msangu umene umakonza nthaka, keshya wa nkhuni, ndi mango a ana. Kambiranani ndi abambo kunyumba mofatsa, pakuti munda ndi wa nonse.

Gulu lathu layamba kale kufesa mbeu m'machubu padimba. Nanga lanu?

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.