Tisafulumire Kufufuta Windows Yakale

Ena mwa inu mudzatumizidwa ku sukulu za ku Malindi, Namwera kapena Monkey Bay, ndipo m'ofesi ya mphunzitsi wamkulu mudzapezamo kompyuta imodzi kapena ziŵiri zopatsidwa ndi akufuna kwabwino. Kaŵirikaŵiri zimakhala ndi Windows 7, imene kampani ya Microsoft idaleka kuiteteza pa 14 Januwale 2020. Chimene wachinyamata amayamba kuganiza ndi kufufuta zonse ndi kuikamo zatsopano. Ife tikuti dekhani.

Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0, kamene makina ambiri akale alibe. Ngakhale Windows 10 idasiya kulandira chitetezo chaulere cha nthaŵi zonse pa 14 Okutobala 2025. Tsono chatsopano chimene makinawo angasenze ndi Ubuntu, kapena mng'ono wake wopepukirapo Lubuntu, zimene sizigulidwa.

Koma yakaleyo ili ndi ntchito. Pulinta imene imasindikiza mayeso a teremu mwina imamvana ndi Windows yokhayo. Malikisi a ana a zaka zingapo adasungidwa m'menemo, ndipo mphunzitsi wamkulu adazoloŵera Word ndi Excel. Mukazifufuta sabata ya mayeso, mafunso adzalembedwa pa bolodi ndi choko, ndipo dzina lanu silidzamveka bwino m'chipinda cha aphunzitsi.

Nchifukwa chake tikulimbikitsa kuti ziŵirizi zikhale m'makina amodzi. Disiki imagaŵidwa paŵiri monga munda wa chimanga ndi wa chinangwa. Windows imatsala pamene inali, Ubuntu imaloŵa m'gawo linalo, ndipo poyatsa kompyuta pamabwera kamndandanda kotchedwa GRUB kofunsa imene mukufuna. Ya intaneti ikhale Ubuntu. Windows yakaleyo isalumikizidwe konse, ndipo fulashi ya mlendo isaloŵemo, pakuti mavairasi a m'sukulu zathu amayenda m'matumba a aphunzitsi.

Choopsa chenicheni ndi magetsi. Akazima disiki ili mkati mogaŵidwa, zonse zikhoza kutayika. Musanayambe, koperani malikisi ndi makalata pa fulashi ziŵiri, pemphani chilolezo kwa mphunzitsi wamkulu, ndipo ngati sukulu ili ndi sola, gwirani ntchitoyi m'maŵa batire itadzaza, kutentha kwa kunyanja kusanafike pachimake. Ena amati ana adzasokonezeka ndi zenera la mitundu iŵiri. Mwana wa ku Makanjira amalankhula Chiyao kunyumba, Chicheŵa pabwalo ndi Chingerezi m'kalasi; sitikhulupirira kuti GRUB idzamugonjetsa.