Mphamvu za Mwamuna Zaka Zikacuruka



Sabata lino ndalandira kalata yocokera kwa mbale wathu wina amene agwira nchito ku Johannesburg. Dzina lace sindichula ai, pakuti mwini wace wandipempha cotero. Bamboyo ali ndi zaka 54. Akuti pamene anapita kumudzi pa Khirisimasi, atakhala miyezi yambiri osaona banja lace, thupi linamkana pa nchito ya m'nyumba. Mai a kunyumba anayamba kulira, nati, muli ndi mkazi wina kumene mwacokerako. Iyenso anayamba kuwaganizira kuti amcita mankhwala. Tsopano mlandu uli kwa ankhoswe, ndipo ukwati wa zaka 26 uli pafupi kutha. Funso lace ndi ili: kodi ndalodzedwa, kapena ukalamba wandipeza?

Nkhani imeneyi ife amuna sitiikamba poyera. Timangoseka mnzathu kumbali kuti uja anagwa m'papaya, cikhalireco ena mwa osekawo ali ndi bvuto lomwelo. Ine amene ndilemba pano ndapitirira zaka 60, ndipo zimene mbaleyu wadandaula zinandionekera ine ndemwe. Cotero ndilankhula monga mnzanu amene anadzera njira yomweyo.

Poyamba, acimwene, dziwani kuti simuli nokha. M'caka ca 1994 madotolo a ku Massachusetts, m'dziko la America, anafalitsa zimene anapeza atafunsa amuna oposa 1,000 a zaka 40 kufikira 70. Mwa amuna 100 ali onse, 52 anali ndi bvutoli, ena pang'ono, ena kwambiri. Pa zaka 40 anali ngati 40 mwa 100, ndipo pa zaka 70 anayandikira 70 mwa 100. Koma tamvani bwino apa. Olephereratu anali 5 mwa 100 pa zaka 40, ndi 15 mwa 100 pa zaka 70. Ndiye kuti nkhalamba zambiri za zaka 70 mphamvu zinali zisanawathere konse.

Pali zina zimene ukulu ubweretsa kwa mwamuna ali yense, ndipo izi si nthenda ai. Thupi limacedwa kudzuka, silikhala lolimba monga pa unyamata, ndipo likatha nchito limafuna kupumula nthawi yaitali, mwina tsiku lathunthu kapena kuposa. Mphamvu ya cimuna ya m'magazi, imene madotolo aicha testosterone, imatsika pang'ono-pang'ono, ngati gawo limodzi mwa 100 caka ciri conse munthu akapitirira zaka 40. Munthu wa zaka 54 amene afuna kucita monga anacitira ali ndi zaka 20 adzangodzibvuta mtima cabe.

Koma thupi likamakana kawiri-kawiri, kwa miyezi ingapo, pamenepo tisanamizire zaka zokha. Cimene cidzutsa mwamuna ndi magazi, amene amathamangira kumeneko nadzaza. Inu a m'migodi mudziwa paipi ya madzi imene yagwira dzimbiri m'kati. Pampu iri bwino, koma madzi angodontha. Mitsempha ya magazi iteronso, mafuta akamamatira m'kati mwace pa zaka zambiri. Tsono mitsempha ya kumaliseceyo ndi yaing'ono, mamilimita 1 kapena 2, pamene ya kumtima ndi mamilimita 3 kapena 4. Yaing'ono ndiyo iyamba kutsekeka. Ndico cifukwa cace madotolo amati bvuto la m'nyumba limatha kutsogolera nthenda ya mtima ndi zaka 2 kufikira 5. Liri ngati belu locenjeza, ndipo wanzeru salinyalanyaza.

Zimene ziononga mitsempha imeneyi tizidziwa: nthenda ya shuga, kuthamanga kwa magazi, fodya, kunenepa kwambiri ndi kukhala osayenda. Mowa wambiri nawo umagonetsa thupi. Mankhwala ena a kuthamanga kwa magazi amafooketsanso, koma musawaleke mwa inu nokha. Kauzeni dotolo, akhoza kukusinthirani ena. Maganizonso ali ndi mbali yace. Munthu wafika kumudzi atatopa ndi ulendo wa masiku awiri pa basi, m'mutu muli ngongole ndi fizi ya ana, ndipo alephera usiku woyamba. Usiku waciwiri alowa m'nyumba ndi mantha, ndipo manthawo ndiwo amlepheretsanso. Ngati thupi limadzukabe lokha m'bandakuca, kawiri-kawiri ndiye kuti mitsempha ikali bwino, colakwa ciri m'maganizo.

Kunena za ine, bvutoli linandipeza ndiri ndi zaka 57. Ndinataya ndalama zambiri kwa ogulitsa mankhwala a m'mabotolo pa siteshoni ya basi, ndipo palibe cimene cinasintha. Kunyumba ndinkanamizira kutopa, ndi kumagona msanga nditayang'ana kukhoma. Mai anu anakhala caka cathunthu akuyesa kuti ndawada. Tsiku lina ndinapita ku cipatala cifukwa ca ludzu losatha ndi kukodza usiku, ndipo anandipeza ndi shuga. Pamenepo ndinalimba mtima, ndinamuuza dotolo zinazo. Iye sanaseke konse, anangoti zonsezi muzu wace ndi umodzi. Ndinaleka fodya, ndinacepetsa nsima ndi shuga wa mu tiyi, ndinayamba kuyenda m'mawa uli wonse. Unyamata sunabwerere, koma nyumba yanga inakhalanso nyumba. Cimene cindipweteka mpaka lero ndi caka cija mkazi wanga analira popanda cifukwa. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidyadi.

Mankhwala oona alipo. Mapiritsi ochedwa sildenafil, amene ambiri awadziwa ndi dzina la Viagra, analoledwa ku America m'caka ca 1998, ndipo athandiza amuna ambiri. Amamwedwa ngati ora limodzi nthawi isanakwane. Iwo sabweretsa cilakolako ai, amangothandiza magazi kuyenda. Koma cenjerani. Munthu amene amamwa mankhwala a kupweteka kwa mtima ochedwa nitrates, monga aja oika pansi pa lilime, asayerekeze kumwa sildenafil, pakuti magazi akhoza kutsika mwadzidzidzi, munthu n'kufa. Ndiponso thupi likadzuka osagona kufikira maora 4, thamangirani ku cipatala usiku womwewo. Cifukwa ca ici mapiritsiwa ayenera kucokera kwa dotolo amene wakupimani, osati kwa mnyamata wa pamseu amene sadziwa cimene ciri m'kati mwace. Za gondolosi sinditsutsana ndi akulu, koma gondolosi sangakuuzeni ngati muli ndi shuga.

Pali uphungu wina woipa umene umamveka kumowa, wakuti kayeseni kwa mkazi wina muone ngati ziteronso. Abale, musaumvere. Ambiri apita kukayesa, nabwera ndi nthenda yoposa imene anapita nayo, naipatsanso mkazi wosalakwa.

Tsono kwa inu acimwene a ku Johannesburg nditi: simunalodzedwe, ndipo mai a kunyumba musawanamizire. Pemphani ankhoswe ayambe aimika mlanduwo. Pa tsiku lanu lopumula pitani ku kiliniki, akakupimeni shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mtima, ndipo mukanene bvuto lanu mosabisa. Wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Mukatero, aimbireni lamya amai, muwauze ndi pakamwa panu kuti colakwa ciri m'thupi lanu, si mwa iwo ai. Mkazi amene wakusungirani ana ndi munda zaka 26 inu muli kutali sadzakusekani.

Inunso amai amene muwerenga nyuzi ino, mukaona bambo akugona atayang'ana kukhoma, musafulumire kunena za mkazi wina. Afunseni mofatsa, ndipo ngati nkotheka aperekezeni ku cipatala.

Acimwene, mukabwerako ku kiliniki mundilemberenso, ndimve m'mene mwayendera. Tsalani bwino nonse, tidzaonana sabata la mawa.